Zomwe zimamanga ma microtubule selo ikamagawikana

Achemwali, mwafunsa kuti ma microtubule amachokera kuti selo ikamagawikana, popeza m'kalasi anangokuuzani kuti amatuluka mu centrosome, kachigawo kakang'ono ka mkati mwa selo. Si bodza ayi, koma nkhaniyo sithera pamenepo.

Microtubule ndi kachubu kochepetsetsa, ma nanomita 25 m'mimba mwake, komangidwa ndi mapuloteni awiri, alpha-tubulin ndi beta-tubulin, ondandalikana m'mizere 13. Povuta ndi poyambira. Paokha mapuloteniwa amachedwa kugwirana, n'chifukwa chake pamafunika gamma-tubulin. Ameneyu amasonkhana ndi mapuloteni ena n'kupanga mkombero, ngati tsinde la dengu pomwe woluka amayambira, kenako ma tubulin amangosanjikizana pamwamba pake.

Centrosome yokha singakwanitse ntchitoyi. Pali augmin, gulu la mapuloteni 8, lomwe limakakamira m'mbali mwa microtubule yomangidwa kale n'kukokera mkombero uja pomwepo kuti nthambi yatsopano iphuke. Kwa ine apa ndiye pokoma, ngakhale aphunzitsi ambiri amangodumphapo. Puloteni ina, TPX2, imathandiza pafupi ndi ma chromosome (timaulusi tosunga malangizo a chibadwa), pomwe ina, ch-TOG, imakhala kunsonga kwa kachubu kufulumizitsa kukula. Zonsezi n'cholinga choti ma microtubule akokere ma chromosome mbali ziwiri, kuti selo iliyonse yatsopano ya munthu ilandire ma chromosome ake 46.

Mukadzayamba kuphunzira m'mawodi ku Kamuzu Central mudzakumana ndi vincristine, mankhwala omwe amapatsidwa kwa ana odwala khansa ya Burkitt lymphoma. Amamatirira ku tubulin, kachubu osamangika, selo ya khansa n'kukanika kugawikana. Amachokera ku Madagascar periwinkle, kaduwa kapinki kaja kali mbwee pamakomo muno mu Lilongwe. Wina asakathyole n'kuwiritsa, ndi poizoni. Wodwala akamadandaula dzanzi kuzala, dziwani kuti minyewa nayonso imadalira ma microtubule.