Ku Joni mukadya kuti? Yankho kwa mayi wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, namwino, amene akutumizidwa ku Johannesburg kukachita maphunziro a masabata atatu. Akakhala ku Braamfontein, dera lina la mumzindawo. Funso lawo linali ili: "Kodi ndinyamule ufa ndi usipa? Anzanga akuti zakudya za m'malesitilanti kumeneko n'zodula ndiponso zachilendo, ndipo kuyendayenda n'koopsa. Ndikadya kuti?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ufa usiyeni kunyumba. Anthu a ku South Africa amadya nsima ngati ife tomwe, iwo amati pap, ndipo ufa wa chimanga choyera uli m'sitolo iliyonse. Ndi wamiseremisere pang'ono poyerekeza ndi ufa woyera wa kwathu, komanso ambiri saiomola m'mitanda ndi chipande, amangoipakula mulu m'mbale. Koma ndi nsima ndithu, m'mimba simudzadabwa.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musakathere masabata atatuwo mukudya nkhuku ndi tchipisi m'masitolo akuluakulu aja, kenaka n'kubwerera ku Zomba mukunena kuti ku Joni kulibe chakudya chabwino. Ndaona anthu ambiri akwathu akuchita zimenezo, ndipo zimandipweteka. Mzindawu unayamba mu 1886 golide atapezeka, ndipo kuyambira pamenepo wakhala ukudzaza ndi anthu obwera, kuphatikizapo agogo athu amene anapita ku migodi kudzera ku Wenela. Aliyense wobwera anabwera ndi mphika wake. Miphika imeneyo ili m'misewu ya alendowo, ndipo kumeneko chakudya n'chotchipa kusiyana ndi kumadera a anthu olemera monga ku Sandton kapena ku Rosebank.

Yambani ndi Fordsburg, chifukwa ndi pafupi ndi kumene mukakhale ndipo simudzavutika. Ndi dera la Amwenye, ochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, ndipo pafupifupi paliponse chakudya n'cha halaal. Pali msika waukulu wa Oriental Plaza, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1970 boma la tsankho litathamangitsa amalonda achimwenye ku Pageview. Muziyenda mumsewu wa Mint madzulo a Loweruka dzuwa lisanalowe. Utsi wa makala umakulonjerani musanaone n'komwe mbaula. Nkhuku zofiira ndi zokometsera zili ndandanda pa waya, mnyamata akukupiza moto ndi chikatoni, pambali pake wina akumata mkate wa naan m'kati mwa uvuni wadothi wooneka ngati mtsuko waukulu. Itanitsani biryani, mpunga wophikira limodzi ndi nyama ya nkhosa, kapena nkhuku yootchayo ndi naan wotentha. Mbale imodzi ya biryani imakwanira anthu awiri, choncho musathamangire kuitanitsa zambiri. Ndipo tcherani khutu. Kukhitchini kapena kwa amene akukuperekerani chakudya mudzamva Chiyao kapena Chichewa, chifukwa anyamata ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga amagwira ntchito m'derali. Mukawapatsa moni wa kwathu adzakuuzani moona chimene chaphikidwa lero ndi chimene chagonera dzulo.

Koma malo amene ine mtima wanga unakhazikika ndi ku Yeoville. Mumsewu wa Rockey ndi wa Raleigh muli anthu a ku Congo, Nigeria, Cameroon, Ghana ndi Zimbabwe, ndipo pakati pake pali msika wa ndiwo umene ungakukumbutseni wa ku Zomba. Tsiku langa loyamba kumeneko ndinalowa m'kachipinda ka matebulo anayi ka mayi wina wa ku Congo. Menyu panalibe. Anangovundukula mapoto atatu kuti ndione ndekha. M'poto wachiwiri munali masamba obiriwira osinjidwa bwino, akunyezimira mafuta ofiira. Ndinafunsa dzina, anati pondu. Nditalawa ndinaika supuni pansi. Chinali chigwada, Mayi, chigwada chenicheni chimene agogo anga ankasinja mumtondo, kungoti iwo ankathira nsinjiro pamene a ku Congo amathira mafuta a kanjedza ndi nsomba youma. Anandipatsa ndi kwanga, chinangwa chovundika chophikidwa chitakulungidwa m'masamba, cholimba ngati kondowole wozizira, chowawasira pang'ono. Pambali panali nsomba yonga chambo yokazinga yathunthu, ndi tsabola woluma ngati kambuzi. Ndinasamba m'manja n'kudya monga timadyera kwathu, ndipo palibe anandiyang'ana kawiri. Ndinali nditatha miyezi isanu ndisanalawe ndiwo ya kwathu, ndipo ndinaipeza m'poto wa munthu amene sitinkamvana chilankhulo.

Mukafika kumeneko yesaninso egusi wa anthu a ku Nigeria, msuzi wokhuthala wa nthangala zosinja zonga za maungu. Munthu wozolowera ndiwo zotendera sadzaona chachilendo.

Chakudya chimene chidzakudabwitseni kwenikweni ndi cha anthu a ku Ethiopia. Iwo anadzaza nyumba zosanja za mumsewu wa Jeppe, umene tsopano umatchedwa Rahima Moosa, pakati pa tauni. Pansi ndi masitolo a zovala ndi makatani, malo odyera ali m'mwamba, ndipo popanda wokulondolerani simungadziwe kuti aliko. Amabweretsa thileyi yaikulu yoyalidwa injera, chikondamoyo chopyapyala, chofewa, cha timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi, chopangidwa ndi ufa wa mbewu yotchedwa teff. Pamwamba pake amaika timilu ta ndiwo: mphodza, nyama, kabichi, masamba. Supuni palibe. Mumang'amba injera ndi dzanja lamanja n'kutapira ndiwo, ndipo pomaliza mumadya ndi mbale yomweyo, chifukwa injera ya pansi imakhala itamwa msuzi wonse. Ndikuchenjezeni kuti imawawasa ngati thobwa logonera. Ena tsiku loyamba amaikana. Musaweruze ndi nthongo yoyamba, pitirizani mpaka yachisanu. Mukatha musathamange, dikirani khofi. Amakazinga nthangala zake inu mukuona, n'kuziyendetsa pafupi ndi nkhope yanu kuti mununkhize, amafukiza lubani, kenaka amathira m'timakapu tating'onoting'ono kuchokera mu kamtsuko kadothi kakuda, pambali pali mbale ya mbuliwuli. Ola lathunthu limatha osadziwa.

Ku Mayfair, moyandikana ndi Fordsburg, kuli anthu a ku Somalia. Amakupatsani mpunga ndi nyama ya mbuzi pamodzi ndi nthochi yakupsa, ndipo nthochiyo si yodya pomaliza, mumaidyera limodzi ndi mpungawo. Ku Cyrildene, mumsewu wa Derrick, kuli Matchaina. Kumeneko pitani muli gulu, chifukwa chakudya chawo amaika pakati kuti aliyense atapeko.

Nanga eni dziko amadya chiyani? Loweruka lina pitani ku Soweto. Alendo onse amathamangira mumsewu wa Vilakazi ku Orlando West, kumene kuli nyumba imene ankakhala Nelson Mandela komanso ya Desmond Tutu. Kaoneni ndithu, koma mitengo ya zakudya mumsewu umenewo ndi ya alendo. Funsani mnzanu wa m'kalasi amene ndi wa konko akutengereni ku shisa nyama ya kwawo. Ndi kanyenya wathu yemwe uja, koma wamkulu. Mumasankha nyama pa butchala, amaiyeza pa sikelo, mumalipira, n'kukapereka kwa wootcha. Imabwera pa thabwa ndi pap ndi chakalaka, ndiwo ya karoti, anyezi, tsabola ndi nyemba. Zam'kati amati mogodu, ndipo amaziphika nthawi yaitali mpaka kufewa. Masamba onga bonongwe amati morogo. Mandasi awo ndi amagwinya, aakulu ngati chibakera. Palinso kota, dzina lochokera ku liwu lachingerezi lotanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a buledi. Amakumba m'kati mwa chigawo cha bulediyo n'kulongamo tchipisi, poloni, soseji, dzira ndi achali wa mango. Inu ndinu namwino, mukaiona mudzagwira pakamwa, koma kamodzi kokha ilaweni, makamaka mutagawana ndi mnzanu.

Pa nkhuku ndi tchipisi ndinanena zija, sindikuti musadye konse. Lesitilanti ya nkhuku ya Nando's inayambira ku Johannesburg komweko, ku Rosettenville, mu 1987, ndipo nkhuku ya peri-peri imeneyo mizu yake ili kwa Apwitikizi ndi anansi athu a ku Mozambique.

Tsopano za mantha anu, chifukwa anzanuwo sanakunamizeni. Umbanda ku Johannesburg ulipo, ndipo Yeoville ndi pakati pa tauni ndi malo ofunika kusamala kwambiri. Kumeneko pitani masana, pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko, muli ndi munthu wodziwa deralo. Itanitsani galimoto ya Uber kapena Bolt muli m'kati mwa nyumba, ikakusiyeni pakhomo penipeni, ndipo pobwerera chitaninso chimodzimodzi. Foni isaonekere mumsewu. Chikwama chachikulu, ndolo zagolide ndi ndalama zambiri zitsale kumene mukugona. Tengani ndalama zochepa za m'manja, chifukwa timalo ting'onoting'ono tina sitilandira khadi. Fordsburg, Cyrildene ndi Soweto masana n'kosavuta mukakhala awiri kapena atatu.

Posankha pokhala, lamulo langa ndi limodzi. Suzumirani muone ngati eni chakudyacho akudya momwemo. Ngati mu lesitilanti ya Aitiyopiya mwadzaza Aitiyopiya, khalani pansi. Malo odzaza anthu chakudya sichigonera, ndipo m'mimba simuvuta. Pa tsabola nenani poyera musanaitanitse kuti mukufuna wochepa, chifukwa "pang'ono" wa ku Fordsburg ndi wambiri kwa ife.

Chinthu china chimene Amalawi timaphonya ndi ndalama yothokozera. M'malesitilanti amene mumakhala pansi wina n'kukuperekerani chakudya, mwambo wa kumeneko ndi kuwonjezera pafupifupi 10 pa 100 iliyonse ya bilu. Pa bilu pamakhala kamzere kolembapo ndalamayo, ndipo mukakhala gulu lalikulu ena amaiphatikiziratu, choncho werengani musanalipire. Operekera zakudya ambiri malipiro awo ndi ochepa, amadalira ndalama imeneyo, ndipo ena mwa iwo ndi ana akwathu amene amatumiza kangachepe kumudzi mwezi ukatha. Muiwerengeretu pokonza bajeti yanu. Kuti musawononge zambiri, chakudya chachikulu muzidya masana, madzulo tiyi ndi buledi kuchipinda. Chikatsala m'mbale pemphani akulongereni, palibe manyazi, aliyense amatero.

Usipa uja, ngati mwaugula kale, asiyireni ana kunyumba. Mukafika ku Braamfontein mundilemberenso, mundiuze tsiku limene mulibe kalasi, ndikulongosolereni njira ya ku msika wa ku Yeoville ndi mbali imene amayi a pondu amakhala.