Buleki ya kutsogolo yofewa komanso yogwira yokha: fufuzani kaye musanagule mapadi

Achimwene, mwafotokoza kuti njinga yamoto imene mwagula kwa munthu wina ili ndi buleki ya disiki kutsogolo, kuti handulo ya bulekiyo ndi yofewa mpaka kutsala pang'ono kukhudza chiwongolero, ndiponso kuti mukayenda mtunda wautali gudumu lakutsogolo limayamba kulemera, disiki n'kutentha kosakhudzika. Mwafunsa ngati mugule mapadi atsopano monga wakuuzirani makaniko wanu. Ine ndikuti mapadiwo ayambe adikira, chifukwa mapadi akatha amalira ndi kukanda disiki, koma si kawirikawiri kuti achititse buleki kugwira yokha, ndipo mukhoza kutaya ndalama vuto likadali pomwepo.

Pa mavuto awiriwa, loopsa kwambiri ndi la kugwira kokhako, pakuti buleki yotere ikatentha imanka ipanirapanira mpaka gudumu kuima mwadzidzidzi muli pa liwiro. Kuti mudziwe kumene likuchokera, yendani pang'ono pafupi ndi nyumba mpaka gudumu litayamba kulemera, kenako imikani njinga pa sitandi yapakati ndipo wina atsindike kumbuyo kuti gudumu lakutsogolo likhale m'mwamba. Pa caliper, chitsulo chimene chimasunga mapadi n'kuwapanitsa pa disiki, pali kabauti kakang'ono kochotsera mpweya, kamene pa njinga zambiri kamafuna sipanala ya 8. Kamasuleni pang'ono chabe, nsanza ili pafupi, ndipo nkhope ikhale kutali. Mafuta a buleki akatuluka mwamphamvu gudumu n'kuyamba kuzungulira momasuka, caliper ilibe mlandu, koma mafutawo akulephera kubwerera kumwamba ku master cylinder, kapampu kamene kali pa handulo ya buleki. Pansi pa kabokosi kosungira mafuta pali tizibowo tiwiri, ndipo kakang'ono kwambiri, kamene mwina simungakaone popanda tochi, ndiko kobwezera mafuta. Kamatsekeka ndi litsiro la mafuta okhalitsa, ndipo kamatsekekanso ngati mwini wakale anaikapo handulo ya njinga ina imene imakankha pistoni ngakhale musanaigwire. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa njinga zimene zinagwapo, handulo yoyamba n'kuthyoka. Onaninso ngati kabokosiko sikanadzazidwe mpaka kukamwa, chifukwa mafuta akatentha amafufuma ndipo amafuna malo. Paipi yowonongeka m'kati nayo imatha kulola mafuta kutsika koma osabwerera.

Ngati mwamasula kabauti kaja koma gudumu likadali lolimba, vuto lili mu caliper momwemo. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimalowa pa pistoni ndi pa timapini timene caliper imatsetserekapo, dzimbiri n'kumanga. Chizindikiro chake n'chakuti padi imodzi imatha kwambiri inzake ikadali yonenepa. Zimenezi zimafuna kumasula, kutsuka ndi kusintha timalabala tamkati ngati tauma. Pistoni ndi timalabala take muzipake mafuta a buleki okhaokha, pakuti oyilo wa injini, petulo ndi girisi wamba zimatupitsa labala, ndipo makaniko amene angatsukire zimenezi m'petulo wakuwonjezerani vuto.

Kufewa kwa handulo mungakuyese muli chiimire. Ipopeni kangapo motsatizana, ndipo ikalimba kwa kanthawi kenako n'kufewanso, m'paipi muli mpweya wofunika kuchotsa. Mukaigwira mwamphamvu osaisiya, iyo n'kumalowa pang'onopang'ono, pali pamene pakudontha kapena timalabala ta mu master cylinder tatha. Gwiraninso paipi ndi dzanja lina uku mukufinya handulo, chifukwa paipi yokalamba imamveka ikutupa m'manja, ndipo mphamvu imene ikanapita ku mapadi imathera pomwepo.

Mafuta enieniwo musawakhulupirire pa njinga yogula kwa munthu, popeza simudziwa chaka chimene anathiridwa. Atsopano amakhala oyera moderako pang'ono, pomwe akale amada ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga njinga ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. A DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira pansi pa madigiri 230, koma akamwa madzi malirewo amatsika kufika pa 155, ndipo pa mtsetse wautali ngati wa Khwekhwerere kapena wa Chiweta, disiki imene ikukhuzika kale ikhoza kuwawiritsa, handulo n'kungolowa yonse popanda kugwira. Thirani mtundu umene walembedwa pa chivindikiro cha kabokosi, kuchokera m'botolo losatsegulidwa, osati otungidwa m'botolo lina pamsika. DOT 5 ndi ya silikoni ndipo siyisakanizidwa ndi enawo. Mafuta a DOT 3 kapena DOT 4 akadonthera pa thanki pukutani msanga chifukwa amadya penti.

Mukatha zonsezi ndi pamene mungayang'ane mapadi. Ngati mnofu wake watsala pafupifupi milimita imodzi kapena timizere tapakati tafufutika, asintheni, ndipo asintheninso ngati apsa n'kumanyezimira chifukwa cha kutentha kuja. Musanaike atsopano, yendetsani chala pa chitsulo cha shoko ya mbali ya disiki. Mukapezapo oyilo, ndiye kuti silo ya shoko, kalabala kotchinga oyiloyo, ikudontha, ndipo oyiloyo akatsikira pa mapadi atsopano adzawaononga msanga, choncho yambani ndi siloyo. Pa disiki pamakhala patadindidwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita, ndipo ikapyapyala kuposa pamenepo, kapena ngati handulo ikugunda m'manja pomanga buleki chifukwa disiki yapindika, nayonso ndi yosintha.

Kufikira zimenezi zitakonzedwa, musanyamule munthu kapena katundu pa njingayo, ndipo musatsatire chizolowezi cha ena chongodalira buleki ya kumbuyo, pakuti pomanga buleki kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo gawo lalikulu la kuima limachokera kumeneko. Ntchito ikatha, popani handulo mpaka italimba musanakwere, zungulitsani gudumu lili m'mwamba kuti muone ngati likumasuka mukangosiya handulo, ndipo yesani buleki pa liwiro lochepa pamalo opanda anthu musanalowe mumsewu.