Za kuyenda pa galimoto m'nkhalango ya a Menominee ku Wisconsin

Achimwene, mwafunsa ngati mungabwereke galimoto yamphamvu n'kukalowa m'misewu yafumbi ya m'nkhalango ya a Menominee kuti mukaone mitengo yakalekale. Langizo langa n'lakuti nkhalangoyo mukaione ndithu, koma mukayende m'misewu ya boma yokha, pokhapokha eni malo atakulolezani kupatuka.

Dera limeneli, lomwe ndi lalikulu maekala pafupifupi 235,000, si paki ya boma ayi. Ndi dziko la mtundu wa Menominee, womwe ndi umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku Amerika, potsatira pangano lomwe unachita ndi boma la Amerika m'chaka cha 1854, ndipo mtunduwu uli ndi boma lake m'katawuni ka Keshena, apolisi ake ndi makhoti ake. Timisewu tambiri tomwe timaoneka pa mapu a pafoni ndi ta odula mitengo, ndipo mlendo wolowamo popanda chilolezo walakwira lamulo. Musawaone ngati anthu ouma mtima. Mu 1961 boma la Amerika linasiya kuwazindikira ngati mtundu wodzilamulira, ena mwa malo awo anagulitsidwa kwa anthu akunja, ndipo zinatengera kulimbikira kwa anthu monga mayi Ada Deer kuti ufulu wawo ubwezeretsedwe mu 1973.

Misewu yololedwayo siikumanani kanthu. Mukachokera m'tawuni ya Shawano n'kudutsa Keshena, msewu wa 55 umalondola mtsinje wa Wolf kulowera kumpoto pakati pa mitengo italiitali ya paini, hemlock ndi maple, ndipo m'mbali mwake muli mwala wa Spirit Rock, womwe eni ake amaulemekeza kwambiri, choncho musakakwerepo kapena kutolapo kanthu. Msewu wa 47 umakufikitsani ku Neopit, komwe kuli fakitale yocheka matabwa yomwe inayamba ntchito mu 1908. Ine ndingasankhe wa 55, makamaka kumayambiriro kwa Okutobala masamba akamafiira.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchimvetse musananyamuke, chifukwa chidzasintha momwe mukaonere mitengoyo. Nkhalangoyi si yosakhudzidwa ndi nkhwangwa. A Menominee akhala akudulamo mitengo kwa zaka zoposa 150, komabe akatswiri amati lero ili ndi matabwa ochuluka kuposa pomwe ankayamba. Kadulidwe kawo, komwe iwo amati kanachokera ku malangizo a mfumu Oshkosh, n'kochotsa mitengo yodwala, yofooka ndi yomwe yakhwima, n'kusiya yabwino kuti ipitirize kukula ndi kubereka mbewu. N'chifukwa chake pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga nkhalangoyi imaoneka yobiriwira kwambiri pakati pa minda ya alimi oyandikana nayo, malire ake owongoka ngati ojambulidwa ndi rula. Ngati mukufuna kulowa mkati, lemberani a Menominee Tribal Enterprises, omwe amayang'anira nkhalangoyi, kapena a College of Menominee Nation ku Keshena, mufunse ngati angakupezereni wokuperekezani. Nyumba yosungiramo zakale za odula mitengo ku Keshena ndi yoyeneranso kuimapo.

Thirani mafuta ku Shawano kapena ku Keshena, ndipo musadalire netiweki ya foni m'nkhalango. Madzulo chepetsani liwiro chifukwa cha agwape odumpha msewu, komanso perekani mpata kwa malole onyamula zipika. Musanyamule nkhuni zochokera kwina, popeza ndi momwe tizilombo topha mitengo timafalikira.

Ngati mtima wanu uli pa msewu wafumbi basi, pitirirani kumpoto mukalowe m'nkhalango ya boma ya Chequamegon-Nicolet, yomwe misewu yake yambiri ndi yotsegukira aliyense. Pafupi ndi Lakewood pali malo otchedwa Cathedral Pines, pomwe mitengo yakale ya paini ndi hemlock inapulumuka kwa odula, ndipo mumasiya galimoto n'kuyendamo wapansi. Mupewe mwezi wa Epulo, chifukwa chipale chofewa chikamasungunuka misewu imeneyo imasanduka matope.