Malire akatsekedwa, mpamba umathera m'nyumba

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokaoda katundu kunja imayenda bwanji, komanso chifukwa chake Covid-19 inatigwetsa ife pomwe amalonda a ku Ulaya ndi America anadzuka msanga.

Geni yathu imayenda ndi mwini wake. Umatenga mpamba, kusintha ndalama, kukwera basi, kukasankha katundu ndi maso ako, ndipo pobwerera umalipira msonkho pachipata. Ngati katunduyo wapangidwa m'dziko la COMESA (mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa), ali pamndandanda womwe mayiko anagwirizana, ndipo mtengo wake supitirira $2,000, pali njira yachidule yodutsitsira katundu pachipata yotchedwa STR. South Africa sili mu COMESA, choncho katundu wa ku Johannesburg musamuwerengere pamenepo. Phindu la ulendo umodzi ndi lochepa. Chimatidyetsa ndi kuzungulira kwa ndalama: wagulitsa, wabweza ngongole, wanyamukanso. Ulendo ukaima, lendi ndi fizi siziima, zimayamba kudya mpamba.

Ndi zomwe zinachitika. WHO italengeza pa 11 Marichi 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, South Africa inatseka malire ake pa 27 Marichi. Mathiraki a makampani akuluakulu ankadutsabe pa Beitbridge, chipata cha pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, chifukwa amanyamula katundu wokhala ndi mapepala. Ife amene timakwera limodzi ndi katundu wathu tinkawerengedwa ngati apaulendo wamba, ndiye tinatsala. Atatsegula, anafuna satifiketi yoyezetsa Covid-19 ya maola osapitirira 72. Kampani ya kontena ndalama yoyezetsera siyiimva, koma mayi wa zikwama ziwiri phindu lake lonse limathera pomwepo.

Tsono taonani kwa anzathu. Boma la Britain linkalipira 80 peresenti ya malipiro a anthu omwe anakhala pakhomo. America inatumizira anthu ake macheke a $1,200. Anatha kutero chifukwa amabwereka m'ndalama yawoyawo pa chiwongoladzanja chochepa, komanso antchito awo ambiri ndi olembedwa, boma limadziwa akaunti ya aliyense. Mu Africa, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limati anthu oposa 80 pa 100 alionse ogwira ntchito sali m'kaundula wa ntchito zolembedwa. Ngakhale boma litafuna kutithandiza, likatipeza kuti? Ndipo ndalama likazitenga kuti, pomwe Zambia inalephera kubweza ngongole zake zakunja mu Novembala 2020? N'chifukwa chake khoti lalikulu ku Malawi linaimitsa lockdown ya masiku 21 mu Epulo 2020: munthu wodya zomwe wapeza tsiku lomwelo simungamutsekere m'nyumba opanda chomupatsa.

Za katemera ndiye zimandiwawabe. Britain inayamba kubaya mu Disembala 2020, pomwe katemera woyamba wa COVAX, ndondomeko yogawira mayiko osauka katemera, anafika ku Ghana kumapeto kwa Febuluwale 2021, ndipo ankabwera pang'onopang'ono. South Africa itaulula za Omicron, mtundu watsopano wa kachilomboka, mu Novembala 2021, mayiko olemera anathamangira kutitsekera maulendo ife a kum'mwera kwa Africa.

Ngati mukufunadi kuyamba, achemwali, musalowetse ndalama zonse mu katundu, ndipo ya katapila musayambire nayo geni. Sungani manambala a okugulitsani komanso a dalaivala wokhulupirika, chifukwa omwe anapulumuka nthawi ija ndi omwe ankaoda pa WhatsApp, katundu n'kubwera pa thiraki iwo ali pakhomo. Malisiti ndi mapepala a msonkho muzisunga onse, ndi omwe banki imafunsa mukafuna ngongole yodzukira.