Kodi "complexion" ndi maonekedwe onse a munthu?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku Britain. Akuti pa fomu ya lipoti la tsiku pali mzere wolembedwa kuti "complexion", ndipo iwo akhala akulembapo za zovala ndi tsitsi la agogo amene akuwasamalira. Mkulu wawo wa ntchito wawauza kuti akulakwitsa. Funso lawo n'lakuti, kodi mawuwa satanthauza maonekedwe?

Amayi, abwana anuwo akunena zoona. Mawu otanthauza maonekedwe onse a munthu, kuyambira msinkhu, thupi, tsitsi mpaka nsapato, ndi "appearance". Koma "complexion" ndi khungu la kunkhope basi, mtundu wake ndi mmene likuonekera tsikulo. N'losalala kapena lili ndi ziphuphu? Latuwa, lafiira, kapena likuoneka lachikasu?

Chimene chimatisokoneza ife Amalawi n'chakuti mawuwa tinawazolowera pa zidziwitso za munthu wosowa. Timawerenga kuti "tall, slim and dark in complexion", ndiye timangoti ndi njira yosiyanitsira woyera, wakuda ndi wobiriwira. Sikulakwa, Chingelezi chimenecho n'cholondola. Kungoti ku Britain mawuwa amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhani za thanzi ndi zodzoladzola. Munthu wa "clear complexion" ndi wa nkhope yopanda zilonda ndi ziphuphu. "Ruddy" ndi wa masaya ofiira, ngati mlimi wachizungu wokhalitsa pamphepo. "Sallow" ndi khungu lotuwira chikasu la munthu wosapeza bwino. Fomu ikamafunsa za fuko lanu siyinena "complexion", imati "ethnicity".

Tsono pa lipoti lanulo akufuna kudziwa ngati nkhope ya agogowo yasintha. Lembani mwachidule: "pale" (yatuwa), "flushed" (yafiira), kapena "normal for her" (ili monga mmene imakhalira nthawi zonse). Mawu otsirizawa ndimawakonda chifukwa aliyense ali ndi khungu lake. Ndiwonjezeko apa, poti tsiku lina mudzasamalira munthu wakuda ngati ife: kutuwa kwa wochepa magazi sikuoneka msanga pamasaya athu. Achipatala amayang'ana m'zikhatho, m'nkhama ndi m'kati mwa chikope cham'munsi.

Mbiri ya mawuwa imathandiza kumvetsa chifukwa chake amayendera limodzi ndi thanzi. Anachokera ku Chilatini, "complexio", kutanthauza kusakaniza, ndipo analowa m'Chingelezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300. Madokotala a nthawiyo ankatsatira chiphunzitso cha Hippocrates ndi Galen, madokotala akale achigiriki, chakuti m'thupi muli madzi a mitundu inayi: magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda. Kasakanizikidwe ka madziwa ndi kamene kankatchedwa "complexion", ndipo ankati kamalamulira thanzi ngakhale khalidwe la munthu. Wamagazi ambiri ankati amakhala wansangala ndi wofiira masaya. Popeza dokotala sakanasuzumira m'thupi, ankawerenga pankhope, ndiye pang'ono ndi pang'ono tanthauzo linasamukira pakhungu. Chiphunzitsocho chinatayidwa kalekale, mawu okha ndi amene anatsala. Ngakhale pasipoti ya Britain ya mu 1915 inali ndi malo olembapo "complexion" ya mwiniwake, pamodzi ndi maonekedwe a mphuno ndi chipumi.

Muzamvanso azungu akuti "that puts a different complexion on things". Apa palibe za khungu ayi. Akutanthauza kuti mfundo yatsopano yasintha mmene nkhani ikuonekera, mwachitsanzo mukamva kuti mnzanu amene mumamudandaula kuti wajomba anali atagonekedwa kuchipatala.

Polemba, samalani ndi chilembo cha x, chifukwa ambiri amalemba "complection". Potchula, tsindikani pakati: kom-PLEK-shen. Za zovala ndi tsitsi la agogowo, funsani abwana anu ngati fomuyo ili ndi mzere wa "appearance" kapena "personal care", muzikazilemba pamenepo.