Funsani Mlangizi: Kodi ndiyambire pa wotchi ya malemu bambo?

FUNSO: Moni a Mlangizi. Bambo anga atamwalira anandisiyira wotchi ya Seiko 5 yomwe inaima kalekale. Chaka chino ndapuma pantchito, ndipo ndikufuna kuphunzira kukonza mawotchi. Si bizinesi ayi, kungoti manja asamakhale chabe. Kodi ndiyambire pa ya bamboyi? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, ya malemuyo musaitsegule. Mwinanso si yakufa n'komwe. Seiko 5 ilibe batire, imadzitchera yokha dzanja likamagwedezeka, ndiye ikagona m'sutikesi zaka zambiri imaima basi. Igwedezeni pang'onopang'ono mphindi ziwiri kenako muiyike kukhutu. Ikayamba kugunda, ivaleni.

Ndikukuletsani chifukwa zinandionekera ine. Wotchi yanga yoyamba kutsegula inali ya malume anga. M'katimo muli kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kozungulizidwa pa kagudumu kamene kamapita uku ndi uku. Ndinangokakhudza ndi singano, kanapindika, ndipo wotchiyo sinayendenso. Malume anandiyang'ana osanena kanthu, zomwe zinandipweteka kuposa kukalipidwa.

Pitani kumsika kwa anyamata osintha mabatire aja, mukagule mawotchi akufa atatu kapena anayi. Amawasunga m'chitini, ndipo sadula. Yambani ndi a batire. Ambiri a mivi amadya kabatire ka SR626SW, komwe ena amangoti 377, pamene Casio F-91W imafuna CR2016. Casio imeneyi ili ndi kachinsinsi: mukaika batire latsopano manambala n'kusaoneka, lumikizani ndi chopanira chachitsulo pomwe palembedwa AC m'kati mwa wotchimo ndi mbali ya + ya batirelo. Ambiri amaitaya pamenepa poganiza kuti yapsa.

Zida musagule zambiri. Kagalasi kokulitsa zinthu kovala padiso, timasikuludiraiva tating'ono, chopanira chosongoka bwino, ndi kampeni kobuntha kotsegulira chivindikiro. Batire muzilinyamula ndi chopanira chapulasitiki, chifukwa chachitsulo chikagwira mbali zonse ziwiri chimalitha mphamvu.

Yalani nsalu yoyera pathebulo pafupi ndi windo, koma windolo mutseke nthawi ya fumbi. Timasikuluwu tiziikidwa m'zotsekera za mabotolo, gawo lililonse pake. Kamodzi kakagwa pansi, iwalani. Ine ndinakwawapo pasimenti madzulo onse mayi akunyumba akundiseka. Musanachotse chilichonse jambulani ndi foni, pobwezeretsa mudzandithokoza.

Za mafuta ndiye ndigogomeze. Ophikira ayi, a makina osokera ayinso. Amenewa amayenderera ponseponse, kukoka fumbi n'kusanduka phala. Mafuta a mawotchi ndi apadera, monga Moebius 9010, ndipo kadontho kake kamachepa kuposa nsonga ya singano. Ngati simunawapeze, siyani osathira.

Mukazolowera a batire, kenako n'kupasula ndi kumanganso mawotchi otchera atatu (opanda batire aja), onse n'kuyenda, mudzandilemberenso tikambe za Seiko ija. Pakadali pano musamaigoneke pa sipika ya wailesi, maginito amaithamangitsa.