Kodi ndigulitse R1 yanga ya 2020 kuti ndigule ya mapiko?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene amakhala ku Leeds, ku England. Ali ndi njinga yamoto ya liwiro, Yamaha R1 ya 2020, ndipo chionereni zithunzi za R1 ya 2025, ya mapiko kutsogolo ija, akuti tulo sakutiona. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndigulitse yangayi, ndiwonjezerepo ndalama n'kutenga yatsopanoyo? Ine ndimakwera Loweruka ndi Lamlungu basi, pamsewu."

Achimwene, musagulitse. Mawu anu omalizawo akuti "pamsewu" ndi amene athetsa mlandu wonse.

Kuyambira 2025, Yamaha inasiya kugulitsa R1 yoyenda pamsewu ku Ulaya, ndi ku Britain komwe mukukhalako. Zimene mungapeze m'sitolo ndi R1 Race ndi R1 GYTR, zonse ziwiri zopangidwira bwalo la mpikisano. Zimabwera zopanda nyali, zopanda magalasi oonera kumbuyo, zopanda poika nambala. Mukagula ndiye kuti mufunanso vani kapena ngolo yoti muzikaitula kubwaloko. Chinachititsa ndi lamulo la utsi la Euro 5+, lomwe linayamba kukhudza njinga zonse zatsopano mu Januwale 2025. Lamuloli limafuna, mwa zina, kuti njinga izidziyeza yokha ngati chosefera utsi chake chikugwirabe ntchito bwino. Yamaha sinafune kuthira ndalama pa ntchito imeneyi pomwe ogula njinga zotere ku Ulaya akucheperachepera. Si koyamba: mu 2021 inachitanso chimodzimodzi ndi R6, njinga yake ina yocheperapo. Zithunzi za R1 ya mapiko yokhala ndi nyali zimene mwaonazo n'kutheka ndi za ku America, kumene ikugulitsidwabe ngati njinga ya pamsewu.

Komabe tiyerekeze kuti akanakulolani kuyenda nayo mu Leeds. Mukanapindulanji?

Zosintha zenizeni ndi zinayi. Mapiko a carbon fibre, mabuleki akutsogolo a Brembo Stylema pamodzi ndi pampu yake ya pachigwiriro, mafoloko (mashoko akutsogolo) a KYB okonzedwanso, ndi chikopa cha mpando chogwira bwino thupi. Basi. Injini ndi yomwe ija muli nayoyo: 998cc, masilinda anayi, mphamvu ya 200 PS pa 13,500 rpm. Felemu ndi yomweyonso.

Tiyambe ndi mapikowo, poti ndi amene akukubani mtima. Ntchito yawo ndi yosemphana ndi ya mapiko a ndege. A ndege amanyamula, awa amakanikizira tayala lakutsogolo pansi kuti lisadzuke mukamakoka moto potuluka pakona, komanso kuti njinga ikhazikike mukamagwira buleki muli pa liwiro lalikulu. Nzeruyi inatchuka ku MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse, pamene kampani ya Ducati inayamba kuigwiritsa ntchito kwambiri mu 2015 ndi 2016, kenako inafika pa njinga zogulitsa monga Ducati Panigale V4 R ya 2019 ndi Honda Fireblade ya 2020. Yamaha yachita kuchedwa. Koma mphepo ili ndi masamu ake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokanikizayo imawirikiza kanayi, ndipo liwiro likatsika ndi theka, yotsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Tsono mapiko amene akugwira ntchito yooneka pa 240 km/h, pa 120 km/h amangokhala ngati ndolo. Ndipo inu mukudziwa kuti pa motorway, misewu ikuluikulu ya kwanuko, malire ndi 70 mph, pafupifupi 113 km/h, liwiro limene R1 imalidutsa isanachoke n'komwe mu giya yoyamba. Phindu lake la pamsewu n'lakuti anthu azikuzungulirani ndi mafoni mukaima pomwera tiyi. Sindikunyoza, nanenso ndimacheuka ikamadutsa.

Mabuleki ndiwo ndingawasirire. Eni ake a R1 akhala akudandaula kuti akazungulira bwalo maulendo angapo mwamphamvu, chigwiriro chimayamba kufewa chifukwa cha kutentha. Stylema ndi yopepuka ndipo imazizira msanga. Koma vuto limeneli limabwera kwa munthu amene akugwira buleki mwankhanza kona iliyonse kwa mphindi makumi awiri. Kuchoka ku Leeds kukazungulira ku Yorkshire Dales simungalione, pokhapokha ngati mafuta a mabuleki anu anakalamba.

Mwina simukudziwa kuti muli ndi chiyani m'galajamo. Zaka zimene R1 inasinthadi n'zowerengeka. Inabadwa mu 1998. Mu 2009 inalandira crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazungulitsa) ya crossplane, imene imachititsa kuti masilinda aziphulika motalikirana mosafanana, pa madigiri 270, 180, 90 ndi 180. N'chifukwa chake imalira mobangula, osati molira ngati mluzu monga zinzake za masilinda anayi, ndipo chaka chomwecho Ben Spies anatenga nayo chikho cha World Superbike, mpikisano wa padziko lonse wa njinga zochokera pa zogulitsa. Mu 2015 inapangidwanso yonse, n'kuikidwa kachipangizo koyeza mmene njinga yapendekera, komwe kamauza kompyuta kuti ichepetse moto tayala likayamba kuterereka. Ndiye kunabwera 2020, yanuyo: mutu wa injini watsopano, chokokera moto cha magetsi chopanda chingwe, ABS (yoletsa matayala kuuma mukagwira buleki) yozindikira kuti muli pakona, ndi posankhira mmene injini izikokera kumbuyo mukasiya moto. Toprak Razgatlıoğlu atapambana chikho cha World Superbike cha 2021, anali pa njinga ya mpikisano yomangidwa kuchokera pa mtundu wanu womwewu. Kusintha kwa 2025 poyerekeza ndi zimenezi n'kungothira mchere m'ndiwo zopsa kale.

Palinso china. Popeza R1 zatsopano za pamsewu sizikubweranso kwanuko, zimene zili ndi nambala kale ndi zomwezo, sizichulukanso. Mukagulitsa lero, tsiku limene mudzaifunenso mudzachita kusakasaka kwa anthu, ndipo simudzadziwa kuti mwini wake ankaisamala bwanji. Yanuyi mbiri yake mukuidziwa.

Ndalama imene mumati muwonjezereyo, tapaniko pang'ono chabe. Ikani matayala atsopano abwino, sinthani mapadi ndi mafuta a mabuleki, ndipo pitani kwa katswiri wa mashoko akakutcherereni mogwirizana ndi kulemera kwa thupi lanu. Ambiri amakwera zaka ndi zaka njinga ili mmene inachokera kufakitale, n'kumadabwa kuti bwanji ikuvuta kukhota. Mukatero lipirani tsiku limodzi la track day, tsiku lokwera njinga yanu pabwalo la mpikisano, ku Donington Park kapena ku Cadwell Park, mulowe gulu la oyamba kumene, ndipo mukapeza mlangizi musachite naye manyazi.

Mukaona kuti mwayamba kubwererako mwezi ndi mwezi, ndipo chigwiriro cha buleki chayamba kukufewerani m'manja, mundilemberenso. Pamenepo tidzakambirana za R1 Race, ndi mtengo wa vani.